Timawilo ta Ngolo ya a Gilibati

A Harold anatulutsa wilo lachiwiri m'chigafa cha fodya n'kuligubuduza mpaka pabwalo. Linazungulira kawiri, kenako linagona cham'mbali, fumbi n'kuti kobo.

"Alamu, tadzaonani! Mawilo a pikapu, mateyala ake mano onse alipo. Achimwene anali ndi zinthu zotere, n'kumayendetsa ngolo pa timawilo ta kagalimoto?"

A Maness anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mutu wometa uli m'duku. Chiikireni m'manda amuna awo, a Gilibati, usana unkawadutsa ngati maloto. Kutentha kunkavina pamwamba pa minda youma, ndipo nthawi zina ankamva ngolo ikulira kwii, kwii, kuchokera njira ya ku Mitundu. Akadzutsa maso, ngoloyo inali pomwepo, pambali pa khola, ng'ombe zikubzikula.

"Amenewo anatha kalekale," anatero. "Anandiuza okha."

"Anatha pati, amayi?" Anali Chipulumutso, mwana wawo wophunzitsa sukulu ku Nathenje. Anaponda teyala ndi chidendene. "Angofunika mpweya basi."

Ngolo ya a Gilibati inkadziwika dera lonselo chifukwa chofupika. Pamsika wa Mitundu ankaitcha Nankwawa, poti m'makwalala inkakhula mimba pansi. A Maness nawonso ankawanena amuna awo kuti ndi ouma manja, okana kugula mawilo enieni. A Gilibati ankangoseka n'kukwapula mkwapulo m'mwamba.

"Ngoloyi isamangokhala," anatero a Harold. "Ndiikweze, izikatenga matumba ku Malingunde. Inu muzipitabe nayo kudimba monga kale. Palibe chosintha, alamu."

A Maness anayang'ana ngoloyo. Chigwereni pachitsime n'kuthyoka m'chiuno, ngoloyo ndiyo inali miyendo yawo. Dimba linali kudambo, kutali, ndipo tomato wa kumeneko ndiye ankawasunga.

"Chitani msanga, nanga," anatero. "Tomato sadziwa kuti kuno kwagwa maliro."

Amuna awiriwo anatsamiritsa ngolo pa njerwa n'kuyamba kumasula mabawuti. Kawilo koyamba katachoka, Chipulumutso anakayang'ana mozondotsa.

"Bambo aang'ono, mabowo awa si ake. Anachita kubooletsa atsopano kuti kalowe pa ekiselo iyi."

"Ndiwo achimwene amenewo," a Harold anaseka. "Kuvutikira chinthu choipa, chabwino chili m'chigafa."

Mawilo akulu analowa osavuta, bowo lililonse pa bawuti yake. Atawapopa n'kuchotsa njerwa, ngolo inaima tsonga ngati mnyamata wovala suti yobwereka. Anamanga ng'ombe pagoli.

"Kwerani, amayi, tikaone dimba lanu."

A Maness anadzuka ndi ndodo. Anafika kumbuyo kwa ngolo, n'kutembenuka monga ankachitira masiku onse, kuti angokhala pathabwa kenako n'kukokera miyendo mkati. Thabwalo linawagunda pamsana. Anayesa kudzikweza ndi manja. Chiuno chinabaya, mwendo unakana.

"Dikirani ndikunyamuleni."

"Undinyamule ngati thumba la chimanga? Nanga ukabwerera ku Nathenje, azindinyamula ndani? Choka apa."

Anaima pomwepo, dzanja lili pathabwa lotentha. Bwalo linayamba kuyandama, mawu a anthu n'kupita kutali. Anaona tsiku lomwe anabwera kuchokera kuchipatala ku Likuni. A Gilibati anali chogona pansi pa ngolo, miyendo yokha ikuoneka, akunena kuti mawilo atha. M'mawa mwake anabweza ngolo chambuyo mpaka pakhonde, n'kupita kutsogolo kukakonza zingwe za goli. Zingwezo zinalibe vuto. A Maness anakhala pathabwa, n'kukoka mwendo wodwalawo ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, akuluma mano, popanda wowaona. Atakhazikika m'pamene a Gilibati anatembenuka n'kufunsa ngati khasu analitenga.

Zaka zonsezo goli linkavuta pa nthawi imeneyo basi.

"Chotsani mawilowa," anatero a Maness.

"Alamu, kodi tibwerere kwa Nankwawa? Anthu atiseka."

"Anaseka mbale wanu mpaka kumuika m'manda, sanawonde nazo. Mawilo akuluwa tengani, a Harold, ndi a achimwene anu. Mukapeze ekiselo mupange yanu yaitali, muzikwera ndi makwerero. Ngolo iyi ndi timawilo take zitsala pano."

A Harold anaponya maso pa ndodo ya alamu awo, kenako pa kawilo kaja kali gone m'fumbi. Anakatola. Analowetsa chala m'limodzi mwa mabowo obooletsa aja, n'kuchizunguliza nthawi yaitali.

"Munthu ameneyu," anatero chapansipansi. "Bwanji osangonena?"

"Akananena ndikanakana. Mukundidziwa ine."

A Harold anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Chipulumutso, bweretsa njerwa zija."

Dzuwa linali litapendeka pamene ngolo inatsikanso. A Maness anafika kumbuyo kwake n'kutembenuka. Thabwa linawapeza pamalo pake. A Harold, osauzidwa ndi munthu, anapita kutsogolo n'kuyamba kumasula ndi kumanganso chingwe cha goli, nkhope ili kwa ng'ombe.

Chipulumutso yekha anatsala pambali pa amayi ake, manja ali tambasu, maso ali pamwendo wawo.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani?" anatero a Maness. "Pita ukathandize bambo ako aang'ono uko, goli lavuta. Ndipo tsiku lina usanagwire sipanala, uziyamba wafunsa kuti wokwera ndani."