Muyeso wa a Kapitawo

Kuchokera pageti kufika kuchipinda chomwe ndimasokeramo pali kapinga, mtengo wa ndimu ndi mpopi wodontha. Mvula ikagwa pamasanduka dambo. Tsiku lina mkwatibwi akubwera kudzayesa diresi, nsapato yake ya gogoda inatitimira m'matope n'kutsalira momwemo. Analowa akutsimphina, mayi ake akundiyang'ana ngati matopewo ndasoka ndine. Ndinati basi, pano pakufunika njira.

Koma ine ndine telala, sindidula chinthu ndisanachione papepala. Ndinadula nyuzipepala zakale m'zidutswa zazikulu ngati thireyi, n'kuziyala pakapinga, chilichonse ndi kamwala pamwamba. Ndinkafuna njirayo ikhote pang'ono ngati mpendero wa siketi, izungulire ndimu, kuti kasitomala azifika fungo la maluwa lili m'mphuno, ataiwala zoti diresi ndachedwetsa.

Dzuwa likapendeka ndinkasiya makina n'kutsamira pawindo. Mphepo inkatukula ngodya za mapepala, ndipo ine ndinkaona anthu oti sanabwere n'komwe akuyenda pamenepo, atavala madiresi omwe sindinasokebe. Wina wobiriwira, wina wa mikanda yonyezimira, onse atanyamula mipendero m'manja, osafulumira, mithunzi ya masamba ikuwatsetsereka pamapewa. Nthawi zina ndinkadzidzimuka singano ili pakamwa, ulusi nditaugwetsa kalekale.

Pawindo linalo pankakhala amuna anga. Anthu amawatchula kuti a Kapitawo chifukwa anatha zaka makumi atatu akuyang'anira omanga misewu. Chiwagwereni sitiroko chaka chatha, mwendo wamanzere amachita kuukoka. Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uumiratu. Iwo ndodo anaikoleka kuseri kwa chitseko.

"Makasitomala anuwo aone Kapitawo akukwawa? Bola ndifere pampando pano," ankatero.

Ndinapempha, ndinakalipa, ndinalira, koma zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndinkachita mantha kwambiri. Munthu ankasuluka ndikuona, ngati nsalu yoiwalika pachingwe.

Mapepala atatha masiku atatu pakapinga, ndinamva akugogoda galasi.

"Mayi, chimenecho n'chiyani?"

"Njira, bambo."

"Njira kapena njoka yothyoka msana? Nanga madzi apampopiwo mwawapatsa kolowera?"

"Adzadzionera okha."

Anagwira kumutu n'kuyamba kulalata za madzi ndi mtsetse. Mawu amenewo, aja ankamveka kutsidya kwa msewu, ndinali nditatha miyezi ndisanawamve.

Kutacha ndinaiwononga dala njira yanga yokongola ija. Mapepala ena ndinawatalikitsa moti munthu akanachita kudumpha, limodzi ndinaliika m'chithaphwi penipeni pansi pa mpopi. Mchimwene wanga, yemwe ndi mmisiri womanga, atafika ndi miyala yafulati anaima n'kugwira m'chiuno.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwinobwino?"

Ndinamutsina khutu. "Iwe yala momwemo, ndipo uyale mwaphokoso."

Mwala woyamba utagwera m'chithaphwi, chitseko cha nyumba chinalira. Kenako ndodo, go, go, pakhonde. A Kapitawo anatulukira atavala masilipasi, akuphethira ndi kuwala.

"Mlamu, chotsa chimenecho! Mwaphunzira kuti ntchito anthu inu? Njira ya anthu sayezera patepi, amayezera paphazi."

"Phazi la ndani, bambo?" ndinafunsa. "Ine manja adzaza mapepala, mlamu wanu wanyamula mwala."

Anayang'ana kugeti. Panali pataima mayi wina, kasitomala, nsalu yake ili m'jumbo. Mumtima ndinati basi, a Kapitawo abwerera m'nyumba, ndawachititsa manyazi pachabe. Mpopi unkangodontha.

"Pepani mayi, dikirani pang'ono," anatero a Kapitawo. "Tili pantchito."

Anatsika pakhonde. Pomwe phazi latera, ine ndinkaika pepala. Akaponda ndi lamanja, n'kukoka lamanzere, n'kupuma, ine pambuyo ndili chogwada ngati ndikupinda mpendero wa munthu wamkulu. Mpopi anaulambalala patali. Atafika pa ndimu sanadutse molunjika monga ndinkayembekezera, anauzungulira, n'kuima pamthunzi kanthawi akununkhiza. Misozi yanga inagwera panyuzipepala koma palibe anaiona. Miyala yomwe tinagula sinakwane, mchimwene wanga anakatenganso ina khumi ndi isanu.

Masiku ano makasitomala amadandaula. "A telala, miyala yanuyi yathinana, ikutiyendetsa ngati akwati." Ndimawauza kuti ndi dala, diresi labwino salithamangira. Ndikawaona pawindo akubwera pang'onopang'ono pansi pa ndimu, sindisiyanitsanso ndi aja ndinkawalota.

M'mawa uliwonse ndodo imagogoda miyala kupita kugeti n'kubwerera. Eni ake amati sakuyenda ayi, akuyendera ntchito. Dzulo anaima pakhomo la chipinda changa nkhope itakwinyika.

"Mayi, njira iyi anayeza ndani? Miyala yayandikana kwambiri. Pa ndimu paja ndachita kudumpha umodzi."

Ndinaponda makina mwamphamvu, maso ali pansalu.

"Kaya, bambo. Anali kapitawo wina wake wa mwendo waufupi. Anachoka."