Mkono Wotupa wa Wometa

Apongozi anakana kwamtuwagalu kukabayitsa katemera. Anakhala pampando wometera wa malemu mwana wawo, atapinda manja, n'kunena kuti kuchipatala sapondako.

Mpandowo unali pakhonde, pomwe mwanayo ankametera anthu tsitsi. Anali munthu wanthabwala, ndipo monga mwa ometa onse, pakamwa pake sipankatsekeka. Chaka china anakabayitsa katemera wa chimfine choopsa cha nyengo yozizira. Kutacha, mkono unatupa, thupi linatentha, moti analephera ngakhale kukweza makina ometera. Basi, nkhani anaipeza. Aliyense wokhala pampandopo ankametedwa akumva za mkonowo, ndipo pakhomo analamula kuti wina asadzayerekeze kubayitsa. Chonsecho iye ankakhalira kuweramira anthu otsokomola tsiku lonse. Nyengo yozizira yapitayi chimfine chinamugwira, chinatsikira m'chifuwa, ndipo sanadzukenso.

Tsopano kuzizira kunali kubwereranso. Mkazi wa malemuyo ankamva apongozi ake akupuma mobanika kuchipinda, pakuti anali ndi mphumu. Mtima unkamuwawa akaganiza zoti nyumba yomweyo ingaonenso maliro.

"Amayi, chonde tiyeni mukabayitse," anawapempha.

"Mwana wanga analetsa," anayankha apongoziwo. "Chimene ndatsala nacho ndi mawu akewo. Ukufuna nawonso ndiwakwirire?"

Mkaziyo anapukuta misozi n'kukaitana namwino wa nyumba yoyandikana nayo.

Namwinoyo atafika anakhala pa benchi yodikirirapo makasitomala. "Amayi, nkhani ya mkono ija ndikuidziwa," anatero. "Alipo mumsewu muno amene sanaimve?"

Apongozi anatsala pang'ono kuseka, koma misozi inawatsogolera.

"Mwana wanu sananame," namwino anapitiriza. "Mkono unatupadi. Kungoti panalibe womuuza chimene chinautupitsa. M'thupi mwathu muli maselo oteteza amene timabadwa nawo. Ali ngati alonda a pageti: chachilendo chikangolowa, oyamba kuthamangirako ndi iwo. Katemera akalowa pamkono, alondawo amaunjikana pamenepo, n'chifukwa chake pamatupa ndipo thupi limatentha. Kenako amatenga tizidutswa ta katemerayo n'kukaonetsa asilikali ena a m'thupi kuti amudziwe mdaniyo. Kachilombo kenikeni kakadzalowa m'mphuno ndi m'mapapo, alonda aja amayamba kulimbana nako, kwinaku akuitana asilikali amene akukadziwa kale."

Apongozi anasisita mkono wa mpando. "Ndiye kuti thupi lake linkangogwira ntchito yake?"

"Linkagwira bwino ndithu."

"Nanga akanabayitsanso, bwenzi pano ndili naye?"

Namwino anawerama. "Ndikanena kuti ndikudziwa, ndinama. Katemera satchinjiriza munthu aliyense kotheratu, koma amathandiza kwambiri kuti chimfine chisafike poipa. Ndipo kachilomboka kamasinthasintha, n'chifukwa chake timabayitsa chaka ndi chaka."

Apongozi analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Mpongozi wawo anawagwira paphewa, nayenso akulira. Atatonthola, apongoziwo anati, "Mwanawe, kanditengere juzi yanga. Tipite tonse."

Anabayitsa onse awiri. Kutacha, mkono wa mayi okalambawo unatupa monga unachitira wa mwana wawo. Anaufunditsa kansalu konyowa, ndipo tsiku linalo unaphwa. Pakati pa nyengo yozizira chimfine chinawapezabe mayiwo. Anatsokomola masiku angapo, anagona, kenako anadzuka n'kuyambanso kusesa pakhonde.

Makasitomala akale a malemuyo akamadutsa kudzapereka moni, ankawapeza mayiwo ali pampando womwe uja. Nawonso pakamwa sipankatsekeka.

"Mverani kuno, bambo," ankatero akupinda mkono wa juzi. "Mkono ukatupa ndi katemera, musathawe. Ndiye kuti alonda a m'thupi mwanu adzuka. Kutupako kukakhalitsa, kapena mukamabanika, thamangirani kuchipatala. Koma kabayitseni, ndipo mutenge ndi a kunyumba kwanu."

Anthu akapita, ankatsala okha, dzanja lili pamutu pa mpandowo. Ali m'nyumba, mpongozi wawo ankawamva akulankhula chapansipansi:

"Unangofunika kupirira tsiku limodzi lokha, mwana wanga. Tsitsi la anthu likanadikira."