Singano m'Phazi la Telala

"Ndakhudza chala chiti?"

"Chachikulu."

"Sindinakhudze chilichonse, bambo. Manja anga ali m'thumba."

Telala anatsegula maso. Namwino sanaseke, ndipo mkazi wa telalayo anaweramitsa mutu. Phazi linali pa mpando, lotupa, zala ziwiri zitada bii. Chidutswa cha singano chimene anali atangochotsamo chinali m'kambale. Chinalowa liti, palibe ankadziwa. Telala ankasoka wopanda nsapato, ati nsapato imaterereka pa chopondera cha makina.

"Ine ndinkachita kunyadira," anatero mayiyo. "Ndinkauza anzanga kuti amuna anga ndi mwala. Amaponda khala la moto koma osalira mayo."

"Mwala susoka zovala, mayi," anayankha namwino. "Chamoyo chilichonse chimamva. Nyongolotsi ikamva dzuwa imathawira m'dothi. Ululu ndi mlonda wa thupi. Matenda a shuga awononga mitsempha ya m'mapazi mwawo, ndiye mlonda uja anasiya ntchito osatsanzika."

"Abwerera?" anafunsa telala.

"Musamudikire. Tilemba wina ntchito: maso."

Namwino anawalangiza kuti aziyang'ana mapazi tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala pomwe. Nsapato azizikutumula asanavale. Madzi osamba aziyamba awayesa ndi chigongono. Akaona kabala, ngakhale kochepa ngati njere ya mpunga, abwere kuchipatala tsiku lomwelo.

Madokotala anadula zala ziwiri zija kuti mwendo upulumuke.

Bala litapola, telala anabwerera pa makina ake atavala nsapato zofewa. Mkazi wake anamanga maginito kunsonga ya ndodo, ndipo m'mawa uliwonse ankaikoka pansi pa tebulo. Tsiku loyamba ndodoyo inatuluka ndi ndevu za mapini.

"Onani munda umene munkalimamo, bambo a kwathu," anatero.

Telala atapitanso kukapimitsa, namwino anatembenuza phazi uku ndi uku, nagwedeza mutu mokhutira.

"Mwendo wapulumuka. Mukauzeko ena odwala shuga: phazi kusapweteka sikuti lili bwino. Pamene thupi lasiya kumva, maso aziona, ndipo bala lisagone kunyumba."

Telala anavala sokosi pang'onopang'ono. Kutsogolo kwake inapindika pamene panalibe choidzaza. Anayang'ana namwino, kenako mkazi wake.

"Ndiye tikanabwera msanga, zala zanga zikanakhalapo?"