Samu ya Nambala 17

Ku Ndirande kunkadziwika kuti a Orton Kaonga salakwa samu. Anayamba kuphunzitsa Sitandade 8 pasukulu ina ya kumeneko mu 1973, ndipo pofika 1987 ena mwa ana amene anawakwapula anali atayamba kuwatumizira ana awo. Mbiri imeneyi ndiyo inali chuma chawo chonse, poti njinga analibe ndipo jekete linali limodzi.

Anali ndi kope lachikuto cholimba momwe analembamo samu mazana atatu ndi mayankho ake chaka chomwe anayamba ntchito. Chaka chilichonse ankapereka samu zomwezo osadumpha ngakhale imodzi. Koma ana a ku Ndirande si ogona. Womaliza Sitandade 8 ankasiyira mng'ono wake makope, ndipo mayankho ankayenda khomo ndi khomo ngati mbaula yobwereka. A Kaonga ankangonyadira kuti kalasi lawo ndi la ana anzeru.

Lolemba lina ankachonga samu ya nambala 17, yochulukitsa 487 ndi 36. Kalasi lonse linalemba 17,432, monga zinalili m'kope lawo. Mwana mmodzi yekha analemba 17,532. Ameneyu anali Hajara, mwana wa a Wahabu okhoma zidebe kumsika. Banja lawo linali litangosamuka kuchokera ku Mangochi, choncho analibe womusiyira makope. Atamufunsa, mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti samuyo anaichita yekha papepala, kenako anatsimikizira pa kakyuleta, kamakina kowerengera kamene amalume ake oyendetsa thiraki anabwera nako kuchokera ku Joni. Anakatulutsa m'thumba la yunifomu, kanthu kongokwana m'dzanja.

A Kaonga anapsa mtima poona kuti mwana akuwayerekeza ndi chidole cha mabatire. Anamulanda kamakinako, anamupatsa zikoti ziwiri m'manja, n'kumulamula kuti akalembe samuyo maulendo zana ndi yankho lolondola.

Ana ataweruka, anatsala okha m'kalasimo n'kudina timabatani tija kuti akagwire bodza kamakinako. Kanaonetsa 17,532. Anati mwina mabatire afooka, ndipo anatenga choko n'kupita pabolodi. Anaichita katatu konse, ndipo ulendo wachitatu anaona pamene panali vuto: kalekale mu 1973 anasunga 4 pomwe anayenera kusunga 5. Apa anakumbukira kuti m'zaka zonsezi pankapezeka mwana mmodzi kapena awiri opeza yankho ngati la Hajara, ndipo onsewo ankalandira zikoti. Maina awo sanawakumbukire. Manyazi anawagwira kwambiri, koma mantha akuti anthu adziwa anaposa manyaziwo.

Anafufuta bolodi bwinobwino. Anaganiza zoti mawa lake amuitanire Hajara pambali, amubwezere kamakina kake mwakachetechete, akonze kope lawo, nkhani ithere pomwepo.

M'mawa mwake Hajara sanabwere yekha. Anafika ndi bambo ake, amene anasiya zidebe kumsika n'kuvala mkanjo wawo wa Lachisanu. Anaima pakhomo la kalasi, ana onse akuyang'ana, ena atakwera pamapewa a anzawo.

"Aphunzitsi, mutikhululukire," anatero a Wahabu. "Ife sukulu sitinapite, timadalira inu. Kamakina konamako musamubwezere, kangationongere mwana."

Hajara anagwada n'kupereka kope ndi manja awiri. Masamba anayi anali odzaza, mzere uliwonse wowongoka bwino, uliwonse wothera pa 17,432. A Kaonga anatembenuza masambawo pang'onopang'ono. Mpata wolankhula unalipo, ndipo anaudziwa kuti ndi umenewu. Koma anthu makumi asanu ndi anayi anali kudikira, ndipo m'kamwa mwawo munatuluka funso lomwe ankafunsa mwana aliyense akamaliza chibalo.

"Wamvetsa tsopano?"

"Ndinayesa kangapo kuti ndilipeze ndekha, aphunzitsi, koma silikubwera," anayankha Hajara. "Ndiye ndangoliloweza."

A Wahabu anagwedeza mutu mokhutira. A Kaonga anatulutsa bolopeni yofiira m'thumba la jekete, n'kuchonga masamba onse anayi.