Tsiku Limene Anabwereketsa Phee

Kutimu ankamutcha Phee, chifukwa chaka chonse chimene anasewera ragibi palibe anamumvapo akutsiriza chiganizo. Mawu ake ankathera kukhosi. Koma liwiro anali nalo, ndipo akagwira munthu m'chiuno, munthuyo ankagwa basi.

Mayi ake anali asanazionepo zimenezo. Iwo ankangoona mawondo osupuka ndi zovala zamatope m'beseni.

"Iwe, masewera ako ogwetsanawa andikwana," anatero akufinya sokosi. "Loweruka ndapempha tchuthi kuntchito, ndibwera ndidzaone ndekha. Ndikadzakupeza uli pabenchi ngati katundu woiwalika, zathera pomwepo. Uzikhala pakhomo n'kumawerenga."

Loweruka limenelo linali lalikulu. Bungwe la ragibi, lomwe chuma chake chinali mipira itatu ndi kaofesi kapamwamba pa shopu ya matayala, linapempha lokha kuchititsa mpikisano wa atsikana wa mayiko oyandikana. Palibe analikakamiza. Wapampando analengeza pawailesi kuti tsopano aliyense alidziwa bungweli, ndipo sananame. Wa hotela analidziwa, wa matenti analidziwa, wa zokuzira mawu analidziwanso, moti m'mawa uliwonse ankakhala pamasitepe a ofesi kudikira malipiro awo.

Zofunika zonse zinagulidwa. Chinsalu chachikulu cha nkhope ya wapampando. Majekete a akomiti. Keke yooneka ngati mpira wa ragibi, imene inadula kuposa mpira weniweni.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, msungichuma wa bungwe anabwera pamene atsikana ankamaliza zokonzekera. Msungichumayo anali malume ake a Phee.

"Ana anga, zinthu zathina," anatero, jekete yatsopano ili pheni pheni. "Timu ya anthu khumi ndi awiri ikudya kwambiri. M'bwalo mumalowa asanu ndi awiri okha, nanga enanu mukudyera chiyani?"

Kochi anayang'ana nsapato zake. Atsikana atatu anachotsedwa, ndipo woyamba kutchulidwa anali Phee, poti ankadziwa kuti sayankha.

"Sitikukutayani ayi, takukwezani," anatero msungichuma. "Mukhala olandira alendo."

"Amalume, mayi akubwera kudza..."

"Ndiye adzakuona bwino kwambiri! Udzaima pageti penipeni."

Loweruka litafika, Phee anaimadi pageti, lamba wansalu atamupingasa pachifuwa, thireyi ya mabotolo a madzi ili m'manja. Nsapato zosewerera anali atazibisa m'chikwama, mwina chifukwa mtima sumva msanga. Mayi ake anatulukira atavala diresi yawo yopitira kumaukwati. Anayang'ana lamba, anayang'ana thireyi.

"Ndiye malo ako m'timu ndi amenewa? Imeneyi ndi nambala chani?"

Phee anawatambasulira thireyi ija.

"Ndipatse botolo limodzi, poti ndabwera kale. Zinazo tikakambirana kunyumba."

Zolankhula zinayamba. Wapampando anathokoza aliyense amene anali ndi jekete, kenako anadzithokoza yekha. Ali m'kati mothokoza, basi ya timu yoyamba ya alendo inalowa. Munatuluka akuluakulu amimba zawo, wina pambuyo pa mnzake, ndipo kumapeto kwenikweni munatuluka atsikana asanu ndi mmodzi. Bungwe lawo nalonso linali pamavuto, ndipo ndalama za ulendo zitachepa anachita zanzeru: anasiya osewera. Wakomiti sungamusiye, amakwiya.

"Asanu ndi mmodzi sindiimbira," anatero woimbira masewero, wezulo ali m'thumba.

Bwana wa kampani ya sopo imene inalonjeza thandizo anayamba kufunafuna makiyi a galimoto. Popanda masewero, panalibenso cheke. Wapampando anatuluka thukuta mpaka m'jekete.

Mwamwayi, ragibi ili ndi chizolowezi chake: alendo akaperewera, eni bwalo amawabwereka wosewera kuti mpira useweredwe.

"Kochi, apatseni mmodzi," ananong'ona wapampando. "Koma osati wabwino."

"Amene mwandisiyirawa ndikuwafuna onse, bwana."

Maso a wapampando anayendayenda mpaka anakafika pageti. "Nanga wa madzi uyo? Ngoopsa?"

"Ameneyo? Ndi mwana wa mlongo wanga, bwana," anaseka msungichuma. "Ngofatsa zedi. Ngakhale ntchentche amaipepesa."

Kochi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Nayenso anali asanalipidwe, ndiye anaona kuti malangizo aulere akwana.

Anamuveka Phee jezi ya alendo yofika m'mawondo. Atsikana enawo anamulankhula m'chinenero chimene sanachimve, iye n'kungogwedeza mutu monga ankachitira ndi aliyense. Kutsogolo kwake kunaima kaputeni wa timu yake yomwe, mtsikana wamkulu thupi amene ankamutcha Thanki.

"Phee, ukangondikhudza ndikakunenera kwa amako!"

"Ali apo, kawauze," anayankha Phee.

Thanki anadabwa kumva chiganizo chathunthu. Wezulo inalira. Mpira utangofika m'manja mwake, Thanki anabwera molunjika kwa Phee ngati akudutsa pakhomo lotsegula. Phee anawerama, anamukumbatira m'chiuno, ndipo bwalo lonse linamva kuti phi! Mpira unadumpha n'kugubuduka. Phee anautola, anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amupatse, koma poti mayina a anzake atsopanowo sankawadziwa, ndipo kukuwa kunali kochititsa manyazi, anaona kuti chapafupi n'kungothamanga. Anathamanga, jezi ikukupiza ngati katani, mpaka anakaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wogoletsera.

Mutenti ya akuluakulu munangoti zii. Munthu mmodzi yekha ndiye anamveka, ataimirira pampando wapulasitiki, nsapato zili m'manja.

"Ngwanga ameneyo! Ndinabereka ndine! Achimwene, mwamuona wofatsa wanu uja?"

Msungichuma anayamba kuwerenga zolemba za pabotolo la madzi mwachidwi chachikulu.

Phee anagwetsanso ena, ena mwa iwo kawiri, ndipo aliyense akagwa ankamudzutsa n'kunena chapansipansi kuti pepa. Eni bwalo anagonja pamaso pa chinsalu cha wapampando wawo. Koma cheke chinaperekedwa, ndipo wapampando anatenga chokuzira mawu n'kufotokoza kuti zimene anthu aona ndi ndondomeko yatsopano ya bungwe yotumiza osewera kumayiko akunja, imene iye anaiganizira kalekale. Akomiti anaomba m'manja, n'kupita kukadula keke. Alendo anamuvula Phee jezi thukuta lisanaume, chifukwa inali yobwerekanso.

Pobwerera, mayi ake ankayenda akuyang'ana bondo limene linkatuluka magazi.

"Limenelo tikalitsuka ndi madzi amchere, ndipo usakalire." Anayendanso pang'ono. "Zokonzekera zanuzo mumayamba liti?"

"Lolemba, tikaweruka kusukulu."

"Uzipita. Koma ukawauze amalume akowo kuti akadzakuchotsanso, ndidzakubwereketsa ndekha kwa alendo. Ndipo ine si bungwe, ndidzalipiritsa."