Masamu a Liwiro

Ana a pasukulupo ankawatchula kuti Mayi Onetsanjira, chifukwa yankho likhoze chotani, iwo ankalembabe m'mphepete ndi cholembera chofiira kuti "Onetsa njira." Anali ataphunzitsa masamu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pasekondale yomweyo, m'chipinda chomwecho cha zenera losatsekeka, ndipo sankayembekeza kuti pangabwerenso chinthu chowadabwitsa.

Vuto linabwera m'chikwama cha ahedi. Anapita ku semina ya masiku atatu kuhotela, n'kubwerako ndi chikwama chakuda, kapu yolembedwa mawu, ndi nzeru yatsopano. Lolemba m'mawa anaitanitsa aphunzitsi onse.

"Anzanga, dziko likuthamanga," anatero ahedi, akugogoda tebulo ndi kapu ija. "Sukulu ya kutsidya kwa msewu yalemba kale pachikwangwani kuti ana awo amamaliza masamu a zaka zinayi m'zaka zitatu. Ife timaliza m'zaka ziwiri. Kalasi yake tiitcha Liwiro."

"Nanga zaka ziwiri zotsalazo azidzatani, bwana?" anafunsa Mayi Onetsanjira.

"Mafunso ngati amenewo, madamu, ndi amene anatitsalitsa m'mbuyo. Inu mupereke mayeso kwa ana onse a chaka choyamba, musankhepo makumi atatu."

Anawo analipo 120. Madamu anachonga mapepala sabata yathunthu, ndipo Lachisanu mndandanda unakhomedwa pakhomo la ofesi. Lolemba lake, belu lisanalire, khonde linali tho ndi makolo, ena atavala za kuntchito, ena atanyamula makanda.

Woyamba kulowa anali mwini famase ya pakona, bambo wamagalasi, atakumbatira fayilo ya masatifiketi a mwana wake kuyambira kunazale.

"Mwana wangayu anayamba kuwerenga mabotolo pashelefu asanamere mano," anatero. "Ndiye lero mundiuze kuti ndi wa kalasi wamba? Mayi ake chigonere Lachisanu, mpaka pano sanadzuke."

Ahedi anayang'ana madamu, madamu anayang'ana pansi.

"Mmodzi yekha sangathyole benchi," anatero ahedi, n'kulemba dzinalo kumunsi ndi pensulo.

Pofika masana pensuloyo inali itasongoledwa kawiri.

Lamlungu masana, akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, madamu anamva odi wa mawu odziwika. Anali alamu awo, akazi a achimwene, mayi wa saluni amene ankamva nkhani za m'tauni zisanachitike. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamkazi, mtsikana wofatsa amene aliyense ankangomutchula kuti Phee.

"Alamu, ine ndiye ndaona malodza," anayamba asanakhale n'komwe. "Makasitomala akundifunsa chipeso chili m'manja, ati, 'Wanu uja ali ku Liwiro?' Ndiziyankha kuti chiyani, pomwe cholembera agwira ndi azakhali ake enieni?"

"Alamu, mwanayu anapeza 38. Sikuti mutu sugwira ayi, koma amafuna kumufotokozera kawiri. Kumeneko akangomuulutsa."

"Ndiye mukamufotokozere kawiriko mothamanga."

Phee anali atakhala kumapeto kwa mpando, akupota kaulusi ka siketi yake. Palibe anamufunsa kanthu. Azakhali ake anakanitsitsa, alamu anatsanzika tiyi osamukhudza, ndipo m'mawa mwake dzina la Phee linali pamndandanda, m'malembedwe a ahedi. Akazi a ahediwo ankakonzetsa tsitsi kusaluni komweko.

Pofika sabata yachitatu ku Liwiro kunali ana 113. Kalasi wamba inatsala ndi asanu ndi awiri okha, amene makolo awo anali kutali kapena anali ndi zina zochita. Ana amenewa anawapereka kwa aphunzitsi a zamasewero, m'chipinda chosungiramo mipira. Aphunzitsiwo masamu anatsanzikana nawo kalekale, choncho ankawerenga buku limodzi ndi anawo, chala chili pamzere, ndipo akasokonezeka onse ankabwerera pamwamba pa tsamba.

Makolo a ana makumi atatu oyamba aja nawo anabwera, nkhope zili ndwii. Liwiro la aliyense ndi liwiro lanji? Ahedi sanachedwe. Anatsegula kalasi ya Mphezi, ya mabaji achikasu, ndipo mwezi usanathe nayonso inadzaza mpaka ena kukhala pazenera. Mphunzitsi anali yemweyo, buku lomwelo. Chosiyana chinali baji basi.

Ndondomeko inati mutu umodzi wa m'buku uzitha masiku awiri. Mayi Onetsanjira anaphunzira kulemba pabolodi ndi dzanja lamanja uku lamanzere likufufuta, ana akukopera ngati akuthawa mvula. Wina anapempha kupita kuchimbudzi, pobwera anapeza za makona atatu zitatha. Wina anadwala chimfine masiku anayi, aljebura n'kumudutsa, osadzakumananso naye. Mwana akakweza mkono, madamu ankayang'ana wotchi n'kunena kuti: "Tidzabwererako." Sankabwererako. Zolemba m'mphepete zija anasiya, poti nthawi yochonga panalibe. Ankangoyang'ana yankho lomaliza, ndipo ana sanachedwe kutulukira kuti mayankho onse ali kumapeto kwa buku.

Zaka ziwiri zitakwana, tsamba lomaliza linatsekedwa. Ahedi anaitana makolo ndi wojambula zithunzi, mwana aliyense analandira satifiketi ya mkombero wagolide, ndipo ya Phee inakapachikidwa kusaluni, pamwamba pa galasi lalikulu.

Chaka chachitatu chinayamba popanda chophunzitsa. Ana ankabwera, kukhala, kupukuta mabaji. Tsiku lina pa buleki Phee anaima pakhomo la chipinda cha aphunzitsi mpaka ena onse atatuluka.

"Azakhali, ndifunse? Koma musandiseke."

"Funsa, mwana wanga."

"Theka kuphatikiza kota. Ine ndimaphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha, ndiye ndimapeza ziwiri pamwamba, sikisi pansi. Koma zimenezo zikuchepa kuposa theka lomwe ndinayamba nalo lija. Zimatheka kuwonjezera chinthu n'kuchepa?"

Madamu anamukokera mpando. Mwana anali ndi funso labwino chonchi, ndipo analisunga zaka ziwiri chifukwa chosowa polifunsira.

M'mawa mwake anapereka mayeso odzidzimutsa kwa onse, mafunso khumi a m'buku la chaka choyamba. Mwa ana 113 aja anakhoza khumi ndi anayi. A m'chipinda cha mipira anakhoza onse asanu ndi awiri, pamodzi ndi aphunzitsi awo, amene anachita kupempha kuti alembe nawo.

Madamu anaika mapepalawo patebulo la ahedi.

"Bwana, tiyenera kubwerera poyambira."

Ahedi anadzuka, anatseka chitseko, anatsekanso zenera.

"Madamu, mawu akuti kubwererawo asamvekenso muno. Makolo amenewa anajambulitsa zithunzi. Atidya amoyo."

"Mayeso a boma ali chaka chamawa, bwana."

"Ndiye chitanipo kanthu. Koma kanthu kopita kutsogolo."

Masiku awiri madamu anayenda ndi nkhaniyo mumtima. Bodza sankalikonda, ndipo pa moyo wawo wonse anali asanawonjezerepo mwana ngakhale malikisi amodzi. Koma akakumbukira ziwiri pamwamba, sikisi pansi, ankaona kuti njira ina panalibe. Tsiku lachitatu analowa m'chipinda chosungiramo mabuku, anatulutsa a chaka choyamba onse, anawakuta ndi pepala lakhaki, n'kulemba nambala faifi pachikuto chilichonse, ngati kuti ndi a chaka chachisanu. Kenako anapita kwa ahedi ndi chidziwitso cha mizere iwiri: "Masamu Ozama. Kwa osankhidwa okha, malo ndi makumi awiri."

"Ozama!" anatero ahedi, maso ali waliwali. "A kutsidya amenewa akomoka."

Za m'kati mwa mabukuwo sanafunse, ndipo madamu sanawauze. Mndandanda anauyamba ndi amene analephera kwambiri. Pamwamba penipeni panali mwana wa mwini famase, wachiwiri wake Phee. Alamu anatumiza botolo la mafuta a tsitsi ndi uthenga woti magazi ndi magazi ndithu.

Khonde linadzazanso. Ulendo uno madamu sanakanize aliyense. Ankangoyamba adandaula kuti malo ndi ochepa, kupukusa mutu, kuusa moyo, kenako n'kulemba dzina, kuti kholo lichoke likumva kuti lamenya nkhondo n'kupambana. Makolo a asanu ndi awiri aja nawo anatulukira, kufunsa kuti ana awo alakwanji kuti azingosiyidwa nthawi zonse. Madamu anawalandira anawo ndi manja awiri, n'kuwakhazika mmodzi pa mzere uliwonse kuti azithandiza anzawo.

Ana anazindikira tsiku loyamba lomwelo, atangotsegula, kuti ndi buku lomwe lija la chaka choyamba. Kenako wina kumbuyo anapumira m'mwamba ngati watula katundu, wina anaseka chamumtima, ndipo mkono woyamba unakwera. Madamu sanayang'ane wotchi. Mwa ana onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakaulula kunyumba.

Patapita mwezi, poweruka, madamu anapeza mwini famase akuwadikira pageti, kope la mwana wake lili m'manja.

"Madamu, ine masamu ndinaphunzirako," anatero bamboyo. "Awa ndi mafulakishoni."

"Ndi ozama, bambo."

Bamboyo anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anayang'ana uku ndi uku.

"Patchuthi ndinamuyesa. Ndinati theka la piritsi, katatu patsiku, masiku khumi, ndi mapiritsi angati? Anandifunsa kuti x ndi uti pamenepa. Ndinamuuza kuti kufamase asayandikireko, angandiphere munthu." Anapinda kope n'kuliika m'thumba la jekete. "Pitirizani kuzamako, madamu. Koma mayi ake asamve."

Mayeso a boma atatuluka, sukuluyo inakhoza monga inkakhozera zaka zonse, osapitirira, osachepera. Ahedi anakwezedwa pantchito, anapita kulikulu kukayang'anira za maphunziro amakono. Phee anakhoza masamu pakatikati, koma ndi mutu wake.

Alamu anakonza phwando Loweruka masana, anabwereka mipando kwa aneba, anaitana makasitomala onse a kusaluni. Anthu atakhuta, anaimirira, tambula ili m'manja.

"Mwana mukumuonayu anadutsa Liwiro, anadutsa Mphezi, anadutsa Ozama, zonse zitatu!" anatero. "Ndikanamvera anthu ena amene ankati amafuna kumufotokozera kawiri, bwenzi lero ali kuti?" Anatembenukira kwa madamu, akumwetulira ndi mano onse. "Kapena ndikunama, alamu?"

Mayi Onetsanjira anaika mbale pansi. Mawu anali atafika kale pamilomo, zaka zinayi zonse zili pamzere, pamene achimwene awo, amene anakhala pambali pawo, anawagunda ndi chigongono.

"Chemwali, ingovomerani," ananong'ona. "Ine ndakhala ndikuvomera zaka makumi awiri, ndipo onani, ndikunenepa."

"Simukunama, alamu," anatero madamu.

Anthu anaomba m'manja, nyimbo inayambiranso, ndipo achimwene anawawonjezera keke m'mbale.