Chidendene cha kumanzere

"Anakutumani ndani kusaina?" Mwana wamkazi wa malemu wosoka nsapato anali atapanikiza foni pakati pa khutu ndi phewa, manja ali kalikiliki kuchotsa nsapato za anthu pamakina osokera. "Ndikufunsa inu, achimwene. Anakutumani ndani?"

Mchimwene wake anayankha ali kutali, kuntchito kwake, mawu ake ali phee ngati munthu amene wangokhuta kumene. Anati anthu a ngongole anafika tsiku lotsatira maliro, alendo adakali m'nyumba, ndiye iye akanatani? Anasaina kuti banja lizipereka mowirikiza kawiri ndalama zimene bambo awo ankapereka pamwezi, kuti ngongole ya makinawo ithe msanga, dzina la malemu liyere.

"Liyere ndi ndalama za ndani?"

"Ndikutumizira mawa, usadandaule."

Mtsikanayo anadula foni. Pakhomopo mchimwene wakeyu ankatchedwa a Mawa, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Pamaliro analankhula mogwira mtima, anthu mpaka kupukuta misozi, koma ndalama ya basi yobwerera anamupatsa ndi amayi ake.

Kashopu ka malemu kanali kachipinda kamodzi kotsamira nyumba, konunkha guluu ndi chikopa. Makinawo anali pakona, akuda, olemera. Mwa ana onse, ndi mtsikanayu yekha amene anaphunzira kuwagwiritsa ntchito, ndipo popanda iwo iye ndi amayi ake analibe podyera. Gawo loyamba la ndalama za mgwirizano watsopanowo linkafunika tsiku lomwelo. Ndalama zimene anatolera sizinkafika ngakhale theka.

"Usamamukalipire mchimwene wako," anatero amayi, atakhala pakhomo lolowera m'nyumba. "Ankafuna kutichotsa manyazi."

"Manyazi watichotsa, njala watisiyira. Inu ndiye mumamuikira kumbuyo nthawi zonse."

"Amuna anga ndangowaika kumene, lero ndiyambenso kuleretsa ndewu?"

Mtsikanayo anapitiriza kuchotsa nsapato pamakina. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti munthu woyenera kumukalipira anali kutali.

Panja panaima galimoto yonyamula katundu. Munatsika wokhometsa ngongole, bambo wamtali wa nkhope yotopa, chikwama cha mapepala kukhwapa. Ankayenda mokhwekhwereza phazi lakumanzere, n'chifukwa chake malemu ankamutchula a Chidendene. Anapepesa maliro mwaulemu wake, kenako n'kutsegula chikwama.

Mtsikanayo anaika patebulo zonse zimene anali nazo. Bamboyo anaziyang'ana osazikhudza.

"Chemwali, ine ndimangotumidwa. Mgwirizano ukuti gawo loyamba likapanda kukwana, titenge makina."

"Amene anasainayo sakhala pano. Mutsatireni komweko."

"Koma makina amakhala pano."

"Ndiye mukawatenga, ndalama zanuzo ndizipeza bwanji? Ndizisoka nsapato ndi mano? Kuofesi kwanu ndaimbako mpaka mayunitsi kutha. Amangondiikira nyimbo, ngati ndawauza kuti ndikufuna kuvina!"

"Ndikumva, chemwali."

"Simukumva. Ine sindikukana ngongole. Ndikuti tibwerere pa zimene bambo ankapereka, zimenezo ndingakwanitse."

"Zimenezo amasintha ndi abwana, osati ine."

Dalaivala anali atalowa kale ndi chingwe, akuyeza ndi manja ngati makinawo angadutse pakhomo. Anakankha mulu wa nsapato za anthu ndi phazi. Mtsikanayo anafuna kumulalatira, koma anaona kuti akangotsegula pakamwa ayamba kulira pamaso pa anthuwa, ndipo zimenezo sanazifune.

"Khalani pansi kaye, bambo," anatero amayi. "Mpando wanu ndi uwo."

A Chidendene anakhala asanaganize n'komwe, ndipo phazi lakumanzere linadzitambasula lokha kuloza pomwe malemu ankakhala. Atazindikira, analibweza msanga.

Mtsikanayo anali ataziona zimenezi mwezi ndi mwezi. Bamboyu akafika, malemu ankamuvula nsapato n'kuyamba kuikonza, osamulipiritsa. Mtsikanayo ankanyinyirika chamumtima kuti munthu wobwera kudzawalanda ndalama azingomuwonongeranso guluu waulere.

"Bambo ako sankakwanitsa kulipira miyezi yonse ayi," anatero amayi. "Kungoti anaona kuti mkuluyu sangatuluke muno ndi nsapato imodzi. Ndiye akamuvula nsapato, ankakhala n'kumawamvetsera."

Wokhometsa ngongoleyo anaseka mosafuna. "Mukuyesa sindinkadziwa, mayi? Ntchito ya kanthawi kochepa ankaichita mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndili apa ndi sokosi yobooka, iwo akundifotokozera mtengo wa chikopa, za sukulu ya ana, za mvula. Pomaliza ndine ndinkakawachonderera abwana m'malo mwawo." Anapukusa mutu. "Koma panopa pali siginecha yatsopano. Zavuta."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, nalowa m'kashopumo koyamba chimwalirireni amuna awo. Anapisa dzanja pansi pa tebulo n'kutulutsa kachidutswa ka labala. Kanali kodulidwa kale bwinobwino, kokhuthala mbali yakunja, kopyapyala mbali yamkati.

"Anadula m'mawa wa tsiku lomwe tinapita nawo kuchipatala," anatero. "Ndinawaletsa, iwo akuti ayi, mnzanga uja amayenda kwambiri, mwezi ukamatha chidendene chija chikhala chitadyekanso."

Bamboyo anayang'ana kalabalako, kenako nsapato yake. Chidendene chinalidi chitadyeka mbali yakunja, mpaka misomali kuonekera.

"Bwana, tinyamule?" anafunsa dalaivala.

"Kadikire m'galimoto."

Dalaivala anatuluka akung'ung'udza, chingwe chake chikukhwekhwerezeka pansi.

"Sindikulonjeza kanthu, chemwali," anatero a Chidendene. "Abwana anga si munthu wophweka."

"Malonjezo tili nawo okwanira m'nyumba muno," anayankha mtsikanayo. "Vulani nsapato."

Bamboyo anawerama n'kumasula chingwe cha nsapato. Mtsikanayo anakhala pampando wa bambo ake, natembenuza nsapatoyo pabondo, n'kuyika kalabala kaja pachidendene. Kanakwana ndendende, popanda pofunika kusenga. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, kenako anatenga chitini cha guluu n'kuyamba kuchitsegula pang'onopang'ono, mosafulumira n'komwe.